Mwana wosalankhula apite kuti: pasukulu ya pafupi kapena yogonera komweko?

Tsiku lina m'mawa mudzasuzumire m'kalasi ya Sitandade 1 pasukulu ina iliyonse yozungulira Liwonde, kaya tsidya la Machinga kaya kuwoloka Shire mbali ya Balaka. Ana adzaza mpaka pakhomo, akhala pansi mothithikana, ndipo aphunzitsi akati "a, e, i, o, u" kalasi yonse imayankha ngati mvula pamalata. M'phokoso limenelo simulephera kupeza ana awiri kapena atatu amene milomo yawo siigwedezeka. Teremu ikatha, onse amaweruzidwa mofanana: sakhoza. Anzawo amati ndi mbuli, kunyumba amati ndi amanyazi.

Komatu chowakhalitsa chete anawa si chimodzi. Woyamba ndi wolongolola akakhala kwawo, kungoti amalongolola m'Chiyao. Kwa iye madzi ndi mesi, nsima ndi ugali, ndipo Chichewa cha m'buku akukumana nacho koyamba. Wachiwiri anasiya kumva atadwala malungo aakulu ali ndi zaka ziwiri. Amangoonera anzake, akaimirira nayenso aimirira. Wachitatu amamva bwinobwino koma mawu amamukanika kulumikiza, kapena ali ndi chibwibwi ndipo anaona kuti bola kutseka pakamwa kusiyana n'kusekedwa. Woyambayo alibe vuto lililonse, amangofunika nthawi ndi mphunzitsi wodziwa chilankhulo cha kwawo. Mkangano uli pa awiri enawo: akhale pasukulu ya pafupi pamodzi ndi anzawo, kapena atumizidwe kusukulu yapadera?

Kale yankho linali limodzi: sukulu yapadera. Amishoni anatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje m'zaka za m'ma 1950. Pambuyo pake kunabwera za ana osamva: Mary View ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe, Mua ku Dedza, Embangweni ku Mzimba ndi zina zochepa. Koleji ya Montfort, ku Nguludi komweko, ndiyo yakhala ikusula aphunzitsi a ana otere kwa zaka zambiri. Zinthu zinatembenuka mu 1994. Chaka chimenecho boma la Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga konkuno, linathetsa fizi ya ku pulayimale, ndipo chaka chomwecho mayiko anagwirizana mumzinda wa Salamanca ku Spain kuti ana onse aziphunzira limodzi posatengera ulumali. Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, anakhazikitsa lamulo la anthu aulumali mu 2012 ndi latsopano mu 2024, ndipo mu 2017 Unduna wa Zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko ya maphunziro osasankha mwana. Papepala nkhaniyi inagamulidwa kale. Pansi pano ikadali yaiwisi.

Amene amati mwana akhale pafupi ali ndi mfundo zolemera. Yoyamba ndi chiwerengero. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa 10 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali wa mtundu wina. Kafukufuku wa ku England wa 2016 anapeza kuti ana oposa 7 pa 100 oyamba sukulu amavutika kumva tanthauzo la mawu kapena kupanga ziganizo popanda chifukwa chooneka. Kunoko tiwonjezerepo malungo olowa mu ubongo, matenda oumitsa khosi, mafinya m'khutu osapola, kubadwa movutikira ndi kunyentchera. Sukulu zapadera zonse za m'dziko muno sizingalandire ngakhale ana a boma limodzi lokha. Kunena kuti onse apite ku Nguludi n'chimodzimodzi kunena kuti ambiri akhale pakhomo.

Yachiwiri ndi ndalama ndi mtunda. Mayi wogulitsa nsomba kapena mandasi padepoti ya Liwonde, kuti akafikitse mwana ku Nguludi, akwere minibasi kudzera ku Zomba mpaka ku Limbe, kenako akwerenso ina, ulendo woposa makilomita 100, kupita ndi kubwera teremu iliyonse. Pamwamba pake pali sopo, bulangeti, yunifomu ndi kamba. Ambiri amayesa chaka chimodzi n'kugwa ulesi.

Yachitatu siwerengeka ndi ndalama. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi kumuchotsa pamsana pa agogo ake n'kukamusiya m'manja mwa alendo si chinthu chopepuka, makamaka mwana amene sangafotokoze wina akamuchitira nkhanza. Ndiponso akakula adzabwerera kumudzi komweko. Amene adzagule tomato wake, kumulemba ganyu kapena kumufunsira ukwati ndi anzake aja anasewera nawo phada ndi mpira wachikulunga. Mwana akakula ndi mnzake wachibwibwi pabenchi imodzi, sadzakhulupirira kuti makolo a mnzakeyo anamuika m'chizimba kuti alemere.

Koma a mbali inayo nawonso sakulankhula zam'maluwa. Iwo amafunsa kuti: kukhala m'kalasi ndiye kuphunzira kodi? Boma limafuna mphunzitsi mmodzi pa ana 60, koma m'makalasi oyambirira a ku Machinga kupeza ana oposa 100 si zachilendo. Mphunzitsi wa kalasi yotere, ngakhale akhale wachifundo chotani, angapeze kuti mphindi zisanu zoyang'anizana ndi mwana mmodzi? Ndondomeko yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 imadalira kwambiri kumva maliwu a malembo ndi kuwatchula, njira yabwino kwa mwana wakumva koma khomo lotseka kwa mwana wosamva. Aphunzitsi ochokera ku Montfort alipo, ena m'zipinda zapadera za pasukulu zina, ena oyendayenda, koma ndi ochepa moti mwana amatha kuonana nawo mwa apo ndi apo. Zotsatira zake mwana amabwereza Sitandade 1 kawiri katatu, akula msinkhu, achita manyazi, n'kukathera kudoko kukathandiza asodzi. M'kaundula analembedwa kuti anali pasukulu, koma anatulukamo chimanjamanja.

Pa mwana wosamva mfundoyi imakula kwambiri. Chilankhulo sichiphunziridwa pawekha. Ana osamva oposa 90 pa 100 amabadwa kwa makolo akumva, amene sadziwa chilankhulo chamanja. Pakhomo amagwirizana tizizindikiro tochepa ta kudya, kugona, bwera, pita, koma tizizindikiro timeneti sitingafotokoze chifukwa chake dzuwa limalowa, kapena zimene zinachitika dzulo. Mwana ameneyu akafika pasukulu ya ana osamva amakumana koyamba ndi anthu omwe angacheze nawo, kukangana nawo, kunamizana nawo. N'zoona kuti kwa zaka zambiri sukuluzi zinkakakamira kuphunzitsa ana kutchula mawu ndi kuwerenga milomo, koma m'mahositelo ana ankapatsirana chilankhulo chamanja okhaokha, ndipo lero bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa kale mtanthauziramawu wake. Ngakhale mgwirizano wa ku Salamanca uja unavomereza kuti ana osamva angathandizike bwino m'sukulu kapena m'makalasi awoawo chifukwa cha nkhani ya chilankhulo yomweyi. Anthu ambiri otchula Salamanca ndime imeneyi amaidumpha.

Mukaika mbali ziwirizi pasikelo, muona kuti iliyonse ikunena za mwana wosiyana. Mwana wachibwibwi, wochedwa kulankhula, wosamva pang'ono kapena wophunzira mochedwa palibe chomuchotsera kwawo. Zimene amafuna n'zotheka ngakhale m'kalasi yodzaza: akhale kutsogolo, aphunzitsi alankhule atamuyang'ana osati atayang'ana bolodi, agwiritse ntchito zinthu zooneka ndi zogwirika, amupatse mpata womaliza mawu ake osamumalizira, ndipo womuseka adzudzulidwe pomwepo. Koma mwana wosamveratu, kumusiya yekha pakati pa ana 100 akumva m'dzina la kusasankha ndi kumusala kumene. Iye amafunika anzake olankhula ndi manja tsiku ndi tsiku. Ngati Nguludi ndi Mua zili kutali, nzeru ndi kusonkhanitsa ana otere a m'zoni zingapo pasukulu imodzi yofikirika ngati za pa Liwonde, m'kalasi yawoyawo yokhala ndi mphunzitsi wodziwadi chilankhulo chamanja, makamaka wamkulu amene nayenso samva, kwinaku akusewera ndi kudya phala limodzi ndi ana ena onse.

Komabe pali chinthu chimene mbali zonse ziwiri zimachiphonya. Zimayamba kukangana mwana atakwana zaka zisanu ndi chimodzi, pamene nthawi yofunika kwambiri yadutsa kale. Ubongo wa mwana umagwira chilankhulo mwachangu m'zaka zitatu zoyambirira. Khanda limadzidzimuka likamva phokoso, pofika chaka limatchula mawu amodzi amodzi, pofika zaka ziwiri limalumikiza awiri. Izi zikapanda kuchitika, kumudzi timatonthozana: "Musadandaule mayi, adzalankhula, bambo ake nawonso anachedwa." Ena amati lilime ndi lomangika, ena amathamangira kwa asing'anga, enanso amaloza chala zilankhulo ziwiri za pakhomo, chonsecho kukula ndi Chiyao ndi Chichewa sikuchedwetsa mwana kulankhula. N'zoona kuti ana ena ochedwa amadzafika okha, monganso ambiri oyamba chibwibwi ali aang'ono chimadzawathera. Koma wina mwa iwo sakumva, ndipo chaka chilichonse chodikira chimamulanda zimene sadzazipezanso mosavuta. Kuwongola mtengo mpoyamba.

Apa mpamene pali mwayi wa Liwonde. Amayi a kuno amapita kusikelo mokhulupirika, ndipo Machinga ndi Balaka anali m'gulu la maboma amene anayamba kulandira katemera wa malungo mu 2019, zimene zinawonjezera maulendo okumana ndi alangizi a zaumoyo. Ngati mlangizi amayeza kulemera kwa mwana n'kulemba m'buku, chingamuletse n'chiyani kufunsanso kuti, "Mayi, mukamuitana ali chafufumimba kapena atakufulatirani, amatembenuka? Akutchula mawu angati?" Chida choyezera kakulidwe ka mwana chopangidwira ana a ku Malawi, cha MDAT, chinasindikizidwa mu 2010. Mwana aliyense wotuluka pachipatala cha boma cha Machinga atadwala malungo okomola kapena matenda oumitsa khosi ayenera kuyezedwa makutu, ndipo okayikitsa atumizidwe ku Queen Elizabeth ku Blantyre kumene kuli akatswiri a makutu. Alezi a m'sukulu za mkombaphala, amene amakhala ndi ana a zaka zitatu mpaka zisanu, angaphunzitsidwe kusiyanitsa mwana wamanyazi ndi wosamva. Ndipo koleji ya aphunzitsi ya Machinga ili pakhomo pomwepa: wophunzira uphunzitsi aliyense asatulukemo asanadziwe zizindikiro zoyambirira zamanja ndi mawu ochepa a Chiyao olandirira mwana m'kalasi.

Zonsezi zimafuna ndalama, koma si ndalama zomangira sukulu yogonera m'boma lililonse. Chodula kwambiri ndi chimene tikulipira panopa, ana okhala m'kalasi zaka zitatu popanda wodziwa chowavuta. Choncho tisanafunse kuti mwana apite kuti, tiyambe tadziwa kuti mwanayo ndi uti mwa atatu aja. Aphunzitsi a Sitandade 1 angayambe mawa lomwe, popanda kudikira kalata yochokera ku Lilongwe: amuitane mwana wachete uja pambali, amulankhule m'Chiyao. Akapanda kuyankha, aime kumbuyo kwake n'kutchula dzina lake. Akatembenuka, amufunse za mbuzi za kwawo, ndipo adikire mpaka amalize yekha.