Zengerezu ndi Cogwirira ca Citseko

Mwezi uno ndili ndi mlandu woti ndiulule pamaso panu, ndipo wolakwa ndine mwini.

Cogwirira ca citseko cakunja ca khicini lathu cinayamba kugwedera m'mwezi wa Okutobala. Amai a kunyumba anandikumbutsa katatu konse, koma ine ndinali kungoyankha kuti, "Ndidzaciona pa Ciweru." Masabata anapita, mvula n'kugwa. Madzulo ena mu Disembala mphepo inakankha citsekoco n'kucitseka mwamphamvu, mdzukulu wathu wa zaka 4 ali m'kati pamodzi ndi mbaula ya makala. Nditathamanga kuti nditsegule, cogwirira cinazuka n'kutsalira m'dzanja langa, ndipo cinzace ca m'kati cinagwa pansi. Mwana anayamba kulira: "Ambuye, nditsegulireni!"

Mtima wanga unagunda kwambiri, pakuti mpweya wa makala m'cipinda cotseka umapha, ndipo suoneka ngakhale kununkha. Mwamwai ndinakumbuka zimene kalipentala wina anationetsa tili anyamata pasukulu. Ndinalowetsa sikuludilaiva ya mlomo wophwatalala m'kabowo ka ngodya zinai ka pa loko, n'kupotoza, ndipo citseko cinatseguka. Amai sananene liu. Anangonyamula mwanayo n'kundiyang'ana, ndipo ine ndinamva zonse. Akulu sananame ponena kuti zengerezu analinda kwaukwau.

M'mawa mwace ndinagwira nchito imene ndinaizemba miyezi iwiri, ndipo siinathe ndi ola lomwe. Lolani ndikufotokozereni, kuti inunso musadikire tsoka.

Zogwirira ziwiri za citseko zimalumikizidwa ndi kacitsulo ka ngodya zinai kamene kamapyola m'loko. Mukatsitsa cogwirira, kacitsuloko kamazungulira n'kubweza lilime la loko. Kawirikawiri loko imakhala ilibe vuto: cimene cafa ndi sipuling'i ya m'cogwirira, kapena masikuluu aleka kugwira thabwa. Cotero musafulumire kugula loko yonse.

Coyamba, tsegulani citseko ndi kuciikira mwala kuti cisatsekeke. Masulani masikuluu a mbali zonse ziwiri, ndipo solole kacitsulo kaja. Tengani cogwirira cakale pamodzi ndi kacitsuloko, mupite nazo ku sitolo. Pa maloko ambiri a m'nyumba zathu, kacitsuloko n'konenepa mamilimita 8, ndipo kucokera pakati pa bowo lace kufika pakati pa bowo la kiyi pali mamilimita 57. Komatu alipo ena osiyana, ndiye cifukwa cace muyenera kulinganiza catsopano ndi cakale pamaso pa wogulitsa. Safunsa anadya phula. Imvaninso kulemera kwace m'dzanja, pakuti copepuka ngati cikopa ca cibiskiti sicikhalitsa pa citseko cimene ana amatsegula tsiku lonse.

Mukafika kunyumba, yang'anani mabowo a masikuluu. Ngati anakula, thirani guluu wa matabwa, mukhomeremo timitengo ta macesi, ndipo dikirani kuti ziume. Sikuluu idzapeza pogwira. Kacitsulo katsopano kakatalika, kaduleni ndi sowo ya zitsulo, koma kalowe mokwanira m'zogwirira zonse ziwiri. Mangani masikuluu pang'onopang'ono mosinthanitsa, osamaliza imodzi zinzace zisanalowe, cifukwa cogwirira cikapendama cimauma. Donthezerani mafuta a makina pa lilime la loko. Potsiriza, yesani kutsitsa cogwirira ndi kukhoma ndi kiyi kangapo citseko cili cotsegula. Mukatero ndi pamene mungacitseke.

Ine pokonza ndinaitana mdzukulu wamkulu, mtsikana wa Giredi 7, kuti andigwirire masikuluu. Sikuluu yomaliza anamanga yekha, ndipo tsopano akudziwa cocita citseko cikakana kutseguka. Nzeru yotere isakhale ya abambo okha, pakuti tsoka silidikira kuti abambo abwere kunchito.

Madzulo ano, musanagone, yendani m'nyumba mwanu ndi kugwira cogwirira ciliconse. Cimene cikugwedera mucimange mawa lomwe. Ndipo mbaula ya makala isalowe m'cipinda cotseka mazenera, ngakhale citseko cikhale cabwino cotani.