Zala zinayi zogwira, kapena zisanu zowerenga?

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'manja mwathu, lero tikambeko za chala chamanthu. Ana ena amabadwa chalachi chili chaching'ono, chofooka, mwina chikungolendewera pa kachikopa. Ena alibiretu. Kwathu kuno ku Chileka ndi ku Lirangwe timangoti ndi chibadwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwanayo akafika Folomu 1 timamupeza atapanira cholembera pakati pa mkombaphala ndi chala chapakati, makope ake atafiira ndi ndemanga zoti salemba zooneka.

Komatu chithandizo chilipo, ndipo si chadzulo. Chala chikangokhala chofooka, madokotala amachilimbitsa ndi mnofu wochokera pa dzanja lomwelo. Chikakhala chopanda fupa loti chitsamirepo, amachotsa kolendewerako n'kutenga mkombaphala, kuufupikitsa, kuutembenuza kuti uyang'anane ndi zala zinazo, mitsempha yake osaidula. Mkombaphala uja ndiye umasanduka chala chamanthu. Dr Dieter Buck-Gramcko wa ku Hamburg adanola njirayi pa ana amene adapunduka ndi mankhwala a thalidomide, ndipo mu 1971 adalemba za maopaleshoni 100 otere.

Povuta ndi apa. Mwana akamatuluka m'chipatala amakhala ndi zala zinayi. Ndi kholo liti lingavomere zimenezi mosavuta? Kumudzi anthu amawerenga zala, ndipo chimodzi chikasowa pakamwa pawo mumapadziwa. Agogo nawo adzati zimene Mulungu adaumba zisakhudzidwe. Mantha amenewa ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo. Dzanja ntchito yake n'kugwira: kumanga batani la yunifolomu, kutola singano, kunyamula kapu ya tiyi, kufumbata mpini wa khasu. Zala zisanu zimene sizingatole ndalama yachitsulo pansi zili ndi phindu kwa owerenga okha, mwini dzanja ayi.

Opaleshoniyi imachitika kawirikawiri mwana ali ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, asanazolowere kupanira zinthu. Ndiye kuti ife a kusekondale timamuona mochedwa. Inu ophunzira athu akale amene pano muli anamwino ndi alangizi a zaumoyo, ndinu mumagwira timanja timeneti kusikelo. Mukaona chala chotere musangolemba makilogalamu m'buku. Mwanayo ayezedwenso mtima, impso ndi magazi, poti nthawi zina vutoli limabwera ndi anzake obisika.

Kopita si ku Johannesburg. Chipatala cha Beit CURE, chimene chidatsegulidwa mu 2002 kufupi ndi Queens, chimathandiza ana olumala mafupa popanda makolo kulipira opaleshoni. Madokotala akumeneko ndiwo anganene chimene chingatheke pa dzanja lililonse. Kuchokera ku Lirangwe ndi minibasi ya mu M1 kudzera pa Lunzu. Mayi akasowa thiransipoti, gulu la amayi la pasukulu kapena mpingo ungasonkhe; pa maliro paja timasonkha tsiku lomwelo.