Chenjezo: Khungu Likalendewera Mutaonda, Kayezetseni Musanagule Mankhwala

Kwa anthu onse a m'boma la Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, ku Chulu, ku Wimbe, ku Chamama ndi pa Boma penipeni: ngati inu kapena m'bale wanu waonda kwambiri, khungu n'kutsala likulendewera pamimba, m'mikono, m'ntchafu kapena pakhosi, musagule tiyi, mafuta odzola, mapilitsi kapena jakisoni amene akuti amakoka khungu kapena kubwezeretsa thupi. Yambani mwapita kuchipatala. Khungu lolendewera palokha silipha munthu. Chimene chimapha ndi matenda amene aondetsa thupilo akakhala osayezedwa, komanso mankhwala ogula pofuna kubisa makwinyawo.

Chenjezoli ndi lofunika kwambiri m'miyezi ya msika wa fodya. Mabelo akayamba kulowa ku Chinkhoma, ndalama zimafika m'manja mwa alimi, ndipo ogulitsa mankhwala osadziwika kochokera amaidziwa bwino nyengo imeneyi. Ena amayala katundu wawo pa tsiku la msika, ena amatumiza zithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook zoonetsa munthu asanamwe ndi atamwa. Ndalama imene banja lavutikira kuyambira ku nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa mpaka kudinda pa jeke isathere pa botolo lopanda dzina la amene analipanga.

Funso loyamba ndi ili: kodi munafuna kuonda? Ngati simunasinthe kadyedwe, simunayambe masewero olimbitsa thupi, koma lamba mwaboolanso kabowo kena ndipo chitenje chikuzungulira m'chiuno kuposa kale, vuto lanu si khungu. Madokotala amati munthu akataya magawo 5 pa 100 aliwonse a kulemera kwake m'miyezi 6 mpaka 12 popanda chifukwa chodziwika, ayenera kufufuzidwa. Kwa munthu amene anali ndi makilogalamu 80, amenewo ndi makilogalamu 4 okha. Amene khungu lake lafika polendewera anadutsa mulingo umenewu kalekale.

Matenda amene amaondetsa chotere kuno kwathu ndi odziwika. Chifuwa chachikulu cha TB chimabwera ndi kutsokomola kwa milungu iwiri kapena kupitirira, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi ndi kusafuna kudya. Amayeza makhololo, ndipo mankhwala ake, amene nthawi zambiri amamwedwa kwa miyezi 6, ndi aulere m'zipatala za boma. Kachilombo ka HIV kosayezedwa, kapena kamene mwini wake wasiya kumwa mankhwala, kamadya thupi mwakachetechete. Ma ARV akhala akuperekedwa ulere m'dziko muno kuyambira mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Matenda a shuga amaondetsa munthu ngakhale akudya kwambiri: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, nyerere kusonkhana pamene wakodza, chilonda cha kuphazi kusapola. Kuyeza kwake ndi kadontho kamodzi ka magazi a pachala.

Pali nthenda ina imene ndikufuna abambo a m'minda ya fodya aimve bwino. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya kummero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Imayamba ngati nkhani yaing'ono: nsima ikuima pachifuwa, munthu n'kumakankhira ndi madzi. Kenako amasiya nsima n'kuyamba phala, kenako phala lomwe limakana, ndipo pofika apo thupi latha, khungu latsala pa mafupa. Kusuta, kaya ndudu za m'sitolo kaya chingambwe, ndiponso kachasu zimawonjezera chiopsezo. Munthu wotere akamapatsidwa mankhwala obwezeretsa chilakolako cha chakudya, akungotaya miyezi imene akanathandizidwa. Nsima ikayamba kuvuta kumeza, pitani sabata yomweyo, ndipo mukatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu ku Lilongwe, musazengereze poyembekeza kuti mugulitse kaye fodya.

Ndikudziwa chimene chimaletsa ambiri. Kuno kwathu thupi ndi ulemu. Mayi wonenepa amati akusamalidwa bwino kubanja, bambo wa mimba amati zake zikuyenda. Munthu akaonda, pachitsime ndi pabawo nkhani imakhala yake. Akuluakulu amathamangira kunena za tsempho, za kanyera kapena za kulodzedwa, ndipo achinyamata amangonong'onezana za kachilombo. Manong'onong'o amenewa ndi amene amachititsa munthu kuvala malaya awiri m'mwezi wa Okutobala, n'kumafuna chomunenepetsa msanga m'malo mwa sikelo ya kuchipatala. Inu apongozi, inu amalume, inu anzake a kumpingo: mukaona m'bale waonda, musamufunse pagulu. Mutengereni pambali, mumuperekeze. Ngati pali mwambo umene banja likufuna kuchita, usalowe m'malo mwa kuyezetsa, ndipo usachedwetse ulendo wa kuchipatala ngakhale tsiku limodzi.

Mankhwala onenepetsa amene amagulitsidwa mobisa ndi oopsa kuposa mmene ambiri amaganizira. Ena ali ndi cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amawonjezera njala koma amagonetsa ndi kuchititsa chizungulire. Mu 2023 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu za mankhwala amadzi otchedwa Apetamin, amene ali ndi cyproheptadine, kuti akhoza kuwononga chiwindi ndi kusokoneza mtima. Ena amamwa dexamethasone kapena prednisolone popanda dokotala. Nkhope imatupa ndithu n'kuoneka yozungulira, koma kumeneko si kunenepa kwa thanzi. Ndi madzi ndi mafuta osonkhana malo olakwika, uku mikono ndi miyendo ikuondabe, shuga ndi BP zikukwera, mafupa akufooka, chitetezo cha m'thupi chikutsika. Kwa munthu amene ali ndi TB yosadziwika, mapilitsi amenewa amaipatsa nthendayo mpata wofalikira. Amene mwakhala mukumwa kwa milungu ingapo, musasiye mwadzidzidzi, chifukwa kutero nakonso kungakugwetseni. Tengani paketiyo mukaonetse kuchipatala akuuzeni kachepetsedwe kake.

Kwa mwana, khungu lolendewera ndi ngozi ya lero lomwe. Anthu a Kasungu amene anaona njala ya 2001 mpaka 2002, pamene mabanja ankadya gaga ndi mizu, akukumbukira ana a nkhope zokalamba, matako ataphwa, khungu litapindikapindika m'ntchafu. Kumeneko ndi kunyentchera koopsa, ndipo kumabwerabe m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, makamaka m'mabanja ogwira ntchito m'minda ya eni amene chakudya chawo chimadalira zimene bwana wapereka. Alangizi a zaumoyo ali ndi kalamba koyezera mkono: mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5 akapezeka pansi pa masentimita 11.5, pamalo ofiira, ayenera kuyamba chithandizo nthawi yomweyo. Amene angathe kudya amapatsidwa chiponde, ndipo chiponde ndi mankhwala a mwana ameneyo, si chogawana nyumba yonse kapena chogulitsa pa msika. Amene wafooka, watupa mapazi kapena akukana kudya amagonekedwa m'chipatala, kumene amayamba ndi mkaka wapadera pang'onopang'ono. Musamukakamize chakudya chochuluka kunyumba, chifukwa thupi limene lasowa chakudya nthawi yaitali likhoza kulephera kupirira.

Ngozi ndi yomweyonso kwa munthu amene akutsegula m'mimba kapena kusanza. Tsinani khungu la pamimba pake. Likachedwa kubwerera, maso atalowa m'kati, thupi latha madzi. Mpatseni Thanzi ORS muli pa ulendo wa kuchipatala. Kolera amene anayamba mu 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo nthendayi imatha kupha m'maola ochepa.

Tsopano inu amene munaonda mwadala, mwina atakuuzani kuchipatala kuti shuga kapena BP yakwera. Mwachita bwino, ndipo khungu limene latsalalo lisakubwezeni m'mbuyo. M'kati mwa khungu muli timitsempha ta kolajeni ndi elasitini timene timalipatsa mphamvu ndi kutamuka. Likakhala lokokedwa kwa zaka zambiri, limachita ngati lastiki wa kabudula wakale: amabwerera, koma osafika pamene anali. Kubwerera kwake kumadalira msinkhu, kuchuluka kwa makilogalamu amene achoka, zaka zimene munakhala wonenepa, mimba zimene mayi anatenga, dzuwa, ndi mtundu wa kubanja kwanu. Wachinyamata amene wataya makilogalamu 10 nthawi zambiri amaona kusintha kwabwino. Wazaka 50 amene wataya makilogalamu 40 ayembekezere kuti khungu lina lidzatsala ndithu. Kusinthaku kumatenga chaka kapena ziwiri, choncho musadziweruze pa miyezi itatu.

Zimene zimathandiza n'zosagula m'botolo. Chepetsani thupi pang'onopang'ono, theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata. Idyani zomanga thupi tsiku lililonse, ndipo Kasungu sasowa zimenezi: mtedza, soya, nyemba, mazira, usipa, matemba. Onjezani masamba ndi zipatso monga magwafa ndi mango. Limbitsani minofu ndi ntchito kapena masewero onyamula zolemera, chifukwa mnofu ukakula umadzaza pang'ono malo amene mafuta achoka. Ndipo siyani fodya. Utsi wake umawononga kolajeni ndi kuchepetsa magazi opita ku khungu, motero wosuta amakwinyika msanga ndipo zilonda zake zimachedwa kupola. Atsikana ndi anyamata amene mukusuta kuti musamve njala, mukuwononga khungu lomwe mukufuna kuti lioneke bwino, kuwonjezera pa mapapo ndi mtima.

Palibe mafuta odzola amene angachotse khungu lolendewera kwambiri. Ena mwa mafuta ogulitsidwa mobisa, makamaka oyeretsa khungu, ali ndi clobetasol kapena betamethasone, amene amapyapyalitsa khungu, kulisiyira mizere yosafufutika, n'kulipangitsa kung'ambika mosavuta. Malamba omanga mimba amangobisa pamene mwavala. Tiyi ochepetsa thupi ambiri ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa, ndipo chimene chimachoka ndi madzi ndi mchere wofunika ku mtima, osati mafuta. M'mayiko osiyanasiyana, tiyi ndi makapisozi otere akhala akupezeka atasakanizidwa mobisa ndi sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pa msika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa chowonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Jakisoni wochepetsa thupi nayenso ali ndi achinyengo ake. Mu Juni 2024 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linachenjeza za jakisoni wabodza wa Ozempic amene anapezeka ku Brazil, ku United Kingdom ndi ku America. Ngati wabodza analowa m'mayiko amenewo, musakhulupirire wobwera m'chikwama cha munthu wochokera ku Joni kapena ku Dar es Salaam, wosasungidwa n'komwe mu fuliji.

Khungu lochuluka kwambiri limachoka ndi opaleshoni yokha, ndipo imeneyi ndi opaleshoni yaikulu. Imasiya zipsera zazitali, ikhoza kubweretsa kutaya magazi, mafinya, ndi magazi oundana m'mitsempha amene angaphe. Madokotala odziwa ntchito yawo amafuna kuti kulemera kwanu kukhale kutakhazikika kwa miyezi yosachepera 6, shuga ali m'malo mwake, magazi ali okwanira, ndipo mutasiya fodya kwa milungu ingapo. Aliyense wokuuzani kuti akudulani kapena kukubayani m'chipinda cha kuseri kwa saluni kapena kunyumba, mukaneni. Dokotala weniweni amakhala wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo muli ndi ufulu wofunsa umboni wake. Opita kunja chifukwa cha mitengo yotsika adzifunse kuti chilonda chikadzaphulika atabwerera ku Chatoloma adzawaona ndani.

Pakadali pano samalirani m'mapindi a khungu, pansi pa mimba, pansi pa mabere ndi m'mphechepeche. M'nyengo yotentha ndi ya dzinja thukuta limakhazikika m'menemo, khungu n'kufiira, kuyabwa, kusupuka ndi kununkha. Sambani ndi sopo wamba, pukutani mpaka paume, valani zovala za thonje zosathina. Musapake phulusa, mandimu, mafuta a galimoto kapena mankhwala opopera fodya ndi a ziweto. Pakachita zilonda, mafinya, kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati muli ndi shuga. Amene khunguli likukuchititsani manyazi mpaka kusiya kudya, kudzitsekera m'nyumba kapena kuganiza zodzivulaza, nenani kwa dokotala kapena kwa munthu amene mumamukhulupirira, chifukwa nkhawa yotere ili ndi chithandizo.

Pitani ku chipatala cha boma cha Kasungu, ku St Andrew's ku Mtunthama, ku Nkhamenya, ku Kaluluma, kapena ku chipatala chaching'ono cha kwanuko. Nyamulani buku lanu la kuchipatala kuti aone kulemera kwanu kwakale, komanso botolo kapena paketi ya chilichonse chimene mwakhala mukumwa kapena kudzola, ngakhale cha kwa asing'anga. Pemphani akukwezeni pa sikelo ndi kulemba m'bukumo, akuyezeni shuga, HIV, BP ndi kuchuluka kwa magazi, ndiponso makhololo ngati mukutsokomola. Zonse zikapezeka bwino koma mukuondabe, bwereraninso pakatha mwezi. Mukaona wina akugulitsa mankhwala oondetsa, onenepetsa kapena okoka khungu pa msika, dziwitsani alangizi a zaumoyo, a ofesi ya zaumoyo ya boma, apolisi, kapena bungwe loona za mankhwala la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Mafumu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi a makalabu a alimi a fodya, werengani chenjezoli pa misonkhano yanu sabata ino.