Kodi Nyamayi Yapsa?

Mwezi uno tikambirane za ndiwo.

Amene mudafikako kuno ku Livingstone mukuudziwa mseu wa Mosi-oa-Tunya. Ndi womwe uja umene umalowa m'tauni kuchokera ku Lusaka, nudutsa pa nyumba yosungiramo zinthu zakale imene idakhazikitsidwa mu 1934, nutsetsereka mtunda wa makilomita ngati 10 mpaka kukafika ku mathithi ndi ku mlatho wa 1905. M'mbali mwake muli mabanki, masitolo, msika wa ziboliboli wa Mukuni Park, ndiponso nyumba zodyeramo zosawerengeka, pakuti tauni yathu ino imadalira alendo odzaona mathithiwo. M'nyumba ina mwa zimenezi ndi m'mene ndidachita manyazi tsiku lina, chifukwa cha nthuli ya nyama ya ng'ombe.

Mwana wathu wachisamba atalandira malipiro ake oyamba a uphunzitsi, adabwera kunyumba nati: "Atate, Amayi, valani bwino, lero mukadya siteki." Tidapita. Titakhala pansi kudabwera mtsikana woperekera chakudya, waulemu ndithu, ndipo atalemba zimene tidasankha adandifunsa kuti: "Atate, nyamayi muifuna bwanji?" Ine ndidayankha mosakayika konse kuti: "Ndi nsima, mwanawe." Mwana wanga adaphimba kukamwa ndi mpango. Mtsikana uja adafotokoza mofatsa kuti iye amafunsa za kapsedwe kake, natchula mawu atatu a Chingerezi: rare, medium ndi well done. Akulu adati safunsa adadya phula, koma ine tsiku limenelo ndidaopa kuoneka wakumudzi. Ndidangotchula mawu amene ndidamva mlendo wina wachizungu akunena pa tebulo loyandikana nafe.

Nyama idabwera yokongola, kunja kwake kwa bii, fungo lake lodzutsa mudyo. Nditangoidula ndi mpeni, m'kati mudaoneka mofiira, ndipo timadzi tofiira tidayenderera m'mbale mpaka kukafika pa nsima. Amayi akunyumba adayang'ana, nati chapansipansi: "Abambo, chikomekome cha mkuyu. Ng'ombe iyi mukaiitana ikhoza kuyankha." Iwo adali ataitanitsa yopsa kwambiri, koma nayonso siidawakomere, pakuti idauma gwa, ndipo adatafuna mpaka nsagwada kutopa. Tidadya poopa kukhumudwitsa mwana amene adawononga ndalama zake, tidathokoza, nkubwerera kunyumba aliyense ali ndi mawu kukhosi.

Amene adandimasulira nkhaniyi ndi mwana wa mlongo wanga, amene ndi khukhi pa hotela ina cha ku mathithi. Nditamusimbira adaseka kwambiri, kenaka nati: "Amalume, aja simagazi." Ndidakana. Iye adapitiriza kuti ng'ombe ikaphedwa moyenera magazi amakhetsedwa nthawi yomweyo, ndipo madzi ofiira otsala mu mnofu ndi madzi wamba osakanikirana ndi chinthu china chotchedwa myoglobin, chimene chimasunga mpweya m'minofu ya nyama yamoyo. Chinthu chimenechi chikatenthedwa chimasintha mtundu. Nyama imene Azungu amati rare, pakati pake pamakhala patatentha madigiri ngati 50. Imene amati medium, madigiri ngati 60, ndipo imaoneka yofiirira pang'ono. Ikapitirira madigiri 70 kufiira konse kumatha, koma pamenepo mnofu umakhala utakhwinyata ndi kufinya madzi ake ambiri kunja. Ndicho chifukwa chake ya amayi akunyumba idauma. Tsono kukoma kwa nyama yowotcha kwagona pa khungu lakuda lija la kunja, limene limapangika pokhapokha moto ukakhala waukali. Katswiri wina wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye adafotokoza za kusintha kumeneku mu 1912. Luso lonse la khukhi ndi kupsereza kunja msanga, m'kati musanaume.

Ndidamufunsa za tizirombo toyambitsa matenda. Adati pa nthuli yathunthu ya ng'ombe yathanzi, tizirombo timakhala makamaka kunja, kumene kwakhudzidwa ndi mpeni, manja ndi ntchentche, ndipo moto umatipha. Koma nyama ikagayidwa, monga ya soseji ndi ya m'mabaga, zakunja zija zimalowa m'kati monse, kotero kuti imeneyo siidyedwa yofiira ngakhale pang'ono. Ku America adaphunzira zimenezi ndi misozi mu 1993, pamene anthu mazana ambiri adadwala ndipo ana 4 adamwalira atadya mabaga osapsa bwino. A zaulimi a dziko limenelo amalangiza kuti nthuli yathunthu ifike madigiri 63 m'kati, nikhale mphindi 3 isanadulidwe, pamene yogaya ifike madigiri 71. Mudzaona apa kuti rare ija alendo amaikonda siifika pa muyezo umenewu. Oidya amatero mwa kufuna kwawo, podalira kuti nyamayo idachokera kwabwino.

Nanga makolo athu, amene ankaphika nyama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, tinene kuti adali osadziwa? Apa mpamene ndidasiyana naye mnyamatayo, ndipo ndikhulupirira kuti ndidamugonjetsa. Taganizani za ng'ombe imene iwo ankadya. Kwa Atonga a chigawo chino cha kumwera, monganso kwa Angoni a kwa Mpezeni kum'mawa, ng'ombe ndi chuma cha banja: imalima, imakoka ngolo, imalowola mkazi, imalipira mlandu, imaphunzitsa ana. Palibe munthu wanzeru amene angaphe nthole yonenepa chifukwa chongolakalaka nyama. Imene inkaphedwa ndi nkhalamba imene yalima zaka zambiri, ndipo inkaphedwa pamaliro kapena paukwati. Mnofu wa ng'ombe yotere ndi wodzala mitsempha yolimba, ndipo mitsempha imeneyi siifewa ndi moto wa mphindi 10. Imafuna madzi, mphika wovundikira ndi maola atatu kapena anayi, mpaka itasungunuka ndi kusanduka msuzi wonanda uja umene timanyambita zala. Amene adadyapo vimbombo zophikidwa bwino akudziwa chimene ndikunena. Koma nyama ya m'mahotela ndi ya ng'ombe zazing'ono, zonenepetsedwa m'khola ndi chakudya chogula, ndipo zikaphedwa zimapachikidwa m'chipinda chozizira masiku angapo kuti mnofu ufewe. Pamwamba pa izo amasankha ziwalo zimene sizigwira ntchito yolemetsa, monga kamnofu kam'kati mwa msana kamene amati fillet. Ndi ng'ombe zonse ziwiri, koma mphika wake ndi wosiyana. Munthu wowotcha mwendo wa ng'ombe yolima pa mphindi zowerengeka adzathyola mano, ndipo wophika fillet maola atatu wataya ndalama.

Chinanso nchakuti kumudzi kudalibe woyeza nyama, kudalibenso firiji. M'minofu ya ng'ombe zina mumakhala timatuza toyera, tating'ono ngati njere za mpunga; munthu akadya nyama yotere yosapsa, m'mimba mwake mumakula njoka yaitali yonga lamba, imene ikhoza kutalika mamita angapo. Onjezanipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala m'chigwa chino cha Zambezi, kumene nyama yophedwa m'mawa imayamba kumveka fungo dzuwa lisanalowe. Agogo athu sankadziwa za madigiri, koma ankadziwa chimene chidachitikira mwana amene adatsomphola nyama pamoto isanapse. Kupsetsa kwambiri udali mankhwala awo, ndipo adali mankhwala oona. Ngakhale lero, nyama imene simukudziwa kumene yachokera, monga michopo ya m'mbali mwa mseu, idyeni itapsa mpaka m'kati.

Komabe pali nyama ina imene moto suingaikonze, ndipo apa ndikupempha kuti mumvetsetse. Mu 2023 m'dziko muno mudabuka matenda a anthrax, ndipo chimake chidali boma la Sinazongwe, m'chigawo chathu chomwechino, m'mphepete mwa nyanja ya Kariba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse lidalengeza kuti pofika pa 20 Novembala chaka chimenecho anthu 684 ankaganiziridwa kuti adwala nthendayi, ndipo 4 adamwalira. Abale a kum'mawa akukumbukiranso za mu 2011, pamene mvuu zidafa mumtsinje wa Luangwa ndipo anthu mazana angapo a ku Chama adadwala atagawana nyama yake. Nthendayi imabisala m'dothi zaka makumi, ng'ombe imaitola podya msipu, nkugwa mwadzidzidzi. Munthu amaitenga posenda chikopa, podula nyama, ponyamula, mphika usanafike ndi pamoto pomwe. Ndipo njere za kachiromboka nzolimba, sizifa msanga ndi kuphika kwathu kwa masiku onse. Ndikudziwa kupweteka kwake. Ng'ombe ikafa yokha, mwini wake amaona fizi ya ana itagona pansi, ndipo mtima umamuuza kuti apulumutseko pang'ono pogulitsa motchipa. Ogula nawonso ndi anthu amene sadalawe nyama miyezi itatu. Koma ng'ombe yofa yokha siisendedwa, siidyedwa, siipatsidwa ngakhale kwa agalu; aitanidwe alangizi a ziweto. Kotero funso la mtsikana uja lili ndi mkulu wake amene ayenera kuyamba kuyankhidwa: ng'ombeyi idaphedwa kuti, ndipo chidindo cha oyeza nyama chilipo kodi? M'buchala yolongosoka safunika kukwiya mukafunsa zimenezi.

Funso limenelo likayankhidwa bwino, zotsalazo ndi za pakamwa pa munthu, ndipo za pakamwa sitiweruzana. Ndikungopatulako ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi onse amene thupi lawo lafooka ndi matenda: amenewa adye yopsa ndithu, ngakhale atakhala m'hotela yodula chotani. Ena tonsefe tili ndi ufulu. Chimene chimandinyansa ndi kaganizidwe kamene ndikuona mwa achinyamata ena ogwira ntchito m'nyumba za alendo, ndiponso mwa ana athu ena ophunzira, koti kudya nyama yofiira ndiko kutsogola, ndipo wopempha yopsa bwino ndi wotsalira. Mwana wa mlongo wanga adavomera kuti m'makhitchini ena amakwinya nkhope akamva kuti wina waitanitsa well done, ndipo ena saisamala poiwotcha, poganiza kuti mwini wake sadziwa kanthu. Kumeneko nkulakwa. Munthu walipira ndalama yofanana ndi ya mnzake. Nyama yopsa mpaka m'kati ikhoza kukhalabe yofewa ngati khukhi aichotsa pamoto waukali atapsereza kunja, naimalizira pamoto wofatsa. Imafuna chipiriro, basi. Nafenso tileke kuseka alendo kuti amadya zaziwisi ngati afisi; kwawo adazolowera nyama yoyezedwa ndi yosungidwa pozizira, ndipo lilime limatsata chimene lidakulira.

Palinso za kaperekedwe kake, zimene mpaka lero sindidazizolowere. M'nyumba zodyeramo zija munthu mmodzi amamuikira nthuli yolemera magalamu 300 kapena kuposa, yake yekha, ndi mpeni wake wamano. Kwathu kuja kilogalamu imodzi inkadyetsa anthu 8, ndipo nsima inkatha chifukwa cha msuzi. Mwana ankasunga kanthuli kake m'dzanja lamanzere mpaka mbamu yomaliza. Tsiku lija ndidayang'ana mbale yanga nkukumbukira adzukulu amene tidawasiya kunyumba akudya repu. Sinditsutsa kuti munthu adzisangalatse pa thukuta lake, ndipo mwana wathu adatichitira ulemu waukulu. Ndingoti nyama yodyera m'mbale imodzi imandikomera koposa, ngakhale itachepa. Za tchipisi ndi msuzi wa tsabola wakuda wothira kirimu sindinenapo zambiri. Ndidalawa, ndipo ndidapeza kuti umaphimba kukoma kwa nyama.

Tsono mukandifunsa lero kuti ndiifuna bwanji, yankho ndili nalo. Ndimagula ya pathako, imene m'buchala amati rump, yokhala ndi mzere wa mafuta m'mphepete, ndipo ndimapempha kuti aidule yochindikala ngati zala ziwiri, pakuti yopyapyala imauma isanade kunja. Ndimathira mchere wokha. Mbaula ndimaisonkha msanga, nkudikira mpaka makala atayaka psuu, malawi ndi utsi zitatha. Nyama ikakhala pamoto sindiibaya ndi foloko, sindiipanikiza, ndipo ndikaiphula ndimaivundikira ndi mbale mphindi zisanu, kuti madzi ake akhazikike. Kenaka ndimaidula timizere topyapyala modutsa mitsempha, osati motsata, ndi kuika zonse m'mbale imodzi pakati, pambali pa nsima yotentha, chibwabwa ndi msuzi wa tomato ndi anyezi. Yanga m'kati mumatsala kufiirira pang'ono chabe, konga kwa m'kati mwa gwafa. Ya adzukulu ndi ya amayi akunyumba imatsalira pambali pa mbaula, pamoto wofatsa, mpaka kufiira konse kutatha.

Sabata yatha amayiwo adatola kanthuli kamodzi ka mbali yanga, nakayang'anitsitsa pa kuwala kwa nyali, nakabwezera pamoto.