Ng'ombe ya Dongo Ikang'aluka

Ana ambiri amakonda kuumba ng'ombe, tumiphika ndi magalimoto a dongo. Koma nthawi zina ng'ombe imang'aluka ikauma. Anzao amaseka. Mwana amacita manyazi ndi kunena kuti, "Aa, ine basi, sindidzaumbanso!"

Kuleka si nzeru. Mng'alu ndi mphunzitsi. Umaonetsa cimene cinalakwika. Mwina m'dongo munali tumiyala. Mwina dongo silinakandidwe bwino. Mwinanso ng'ombe inaikidwa padzuwa lamphamvu, kunja kunauma msanga mkati mukali monyowa.

Mwana wanzeru amayang'anitsitsa mng'aluwo. Sataya dongo lake. Amaliviika m'madzi ndipo limafewanso. Kenaka amacotsa tumiyala, amakanda bwino ndi kuumitsa ng'ombe yake pamthunzi. Yaciwiri imaposa yoyamba.

Ngakhale agogo amene amaumba mbiya zokongola anayamba ndi zokhota. Zina zinasweka pamoto. Akanaleka, lero bwenzi kulibe mbiya zosungiramo madzi ozizira.

Conco, mwana amene walephera sayenera kusekedwa. Anzake amuuze kuti, "Yesanso, mnzathu!" Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.