Module isamapise dzanja m'thumba mwa class

Anzanga amene mukuphunzira Ruby, pali chizolowezi china chimene tiyenera kuchisiya konkuno ku yunivesite tisanapite nacho kuntchito. Munthu amalemba module, n'kuilowetsa m'ma class angapo ndi include, kenako n'kufuna kuti module ija iwerenge constant yomwe ili mu class. Zikakanika amathamangira kulemba self.class::CHIWONGOLA, pulogalamu n'kuyenda, iye n'kudziona katswiri. Ine ndikuti kumeneko n'kuphimba dzenje ndi udzu.

N'chifukwa chiyani zimakanika poyamba? Ruby ikamafuna constant imayang'ana pamalo pamene mzerewo unalembedwa, kenako kwa makolo a malowo. Sifunsa object imene yaitana method. Choncho method ya mu module siona constant ya class imene yailandira, ndipo mumapatsidwa NameError. Bola zimenezo, chifukwa zimaoneka. Choopsa chimabwera pamene module nayonso ili ndi constant ya dzina lomwelo. Tiyerekeze kuti class ya ngongole za alimi ikuti chiwongoladzanja ndi 5, module ikuti 10. Ruby idzatenga 10 mwakachetechete, ndipo wolira adzakhala mlimi.

Ena amati self.class::CHIWONGOLA imathetsa zonsezi. N'zoona kuti imapeza nambala yolondola, koma imasiya pangano lobisika. Wolemba class yatsopano sadziwa kuti akuyenera kukhala ndi constant imeneyo mpaka tsiku limene mzerewo udzayende, mwina pulogalamu ili kale m'manja mwa anthu. Mwini class akateteza constant yake ndi private_constant, imene inabwera mu Ruby 1.9.3, module yanu yagwa. Wina akagwiritsa ntchito extend m'malo mwa include, self.class imasanduka Class, yagwanso.

Taonani mmene eni chiyankhulochi amachitira. Comparable imangopempha class kuti ikhale ndi method ya <=>. Enumerable imapempha each. Palibe imene imakafufuza ma constant a eni ake. Zili choncho chifukwa Ruby ikamafuna method imayambira pa class ya object isanafike ku module yolowetsedwa ndi include, ndiye mawu omaliza amakhala a class.

Nanunso chitani chimodzimodzi. Mu module lembani method ya chiwongola yoponya NotImplementedError ndi uthenga womveka bwino, ndipo class iliyonse ilembe yake, ibweze constant yake ngati ikufuna. Mwaonjezera mizere itatu yokha, koma amene adzatenge ntchitoyo inu mutachoka adzaona poyera chimene module ikufuna kwa iye.