Kutopa kumene maso saona

Bala la pamutu likapola timafulumira kunena kuti munthu wachira, abwerere kuntchito. Komatu ubongo umene wavulala pangozi ya pamsewu kapena ndi sitiroko umachira pang'onopang'ono, ndipo kutopa kumatha kukhalapo miyezi, ngakhale zaka. Ubongo umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu za thupi lonse. Ukavulala, kuwerenga kalata kapena kumvetsera pamsonkhano kumalemera ngati kulima munda.

Mbale wotere tisamutche waulesi. Omulemba ntchito amulole kuyamba ndi maola ochepa, zovuta azichita m'mawa, ndipo azipumula asanafooke. Tikamukakamiza, mutu umamupweteka, amaiwalaiwala, nataya ntchito imene imadyetsa ana ake. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyeni tidekhe naye.